Ndege ndi tsiku limodzi, sukulu ndi zaka 7

Chiyambireni teremu ino, anzanga osachepera khumi mwandifunsa funso limodzimodzi: "Iwe, achimwene ako aja anapita bwanji ku Egypt?" Ena mumafunsa pa buleki, ena pa mjigo, ena mumachita kundipatsira kakalata m'kalasi ngati ndi nkhani ya chibwenzi. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, nde ndati bola ndilembe pano, aliyense adziwerengere yekha. Achimwenewo anaphunzira pa sukulu yomwe ino, anakhalira madesiki omwewa, ndipo aphunzitsi ena akuwakumbukirabe. Ndisanalembe ndinawapempha kaye pa foni. Anavomera, koma anati, "Ulembe zonse, mlongo wanga. Usangolemba za ndege ndi zithunzi za pa mapiramidi."

Funso loti anapita bwanji ndi losavuta. Anakwera minibasi kuchoka kuno ku Nkhotakota kupita ku Lilongwe, masana anakwera ndege ya Ethiopian Airlines pa bwalo la Kamuzu, usiku anasintha ndege ku Addis Ababa, kusanache anali ku Cairo. Basi, ulendo wonse tsiku limodzi. Funso limene palibe wandifunsapo, koma amayi amalifunsa mwezi ndi mwezi, ndi loti adzamaliza liti. Tiyeni tiwerengere limodzi. MSCE analemba mu 2019. Ananyamuka mu Okutobala 2021. M'koleji analowa kumapeto kwa 2024. Zonse zikayenda bwino, digiri adzalandira mu 2028. Ndiye kuti zaka 7 ku Cairo, zaka 9 chilembereni mayeso a Fomu 4. Mnzawo amene ankakhala naye desiki imodzi anapita ku TTC, anamaliza, pano akuphunzitsa ku pulayimale ndipo ali ndi mwana woyenda. Sindikufuna kukugwetsani mphwayi ayi. Ndikungofuna kuti amene akusirira ndege ayambe wawerenga zaka.

Sukulu imene akuphunzirayo ndi Al-Azhar. Inayamba ngati mzikiti umene unamangidwa pakati pa zaka za 970 ndi 972, mzinda wa Cairo ukukhazikitsidwa kumene, kotero yatha zaka zoposa 1,000 ikuphunzitsa anthu. Kwa nthawi yaitali inkaphunzitsa makamaka za chipembedzo, malamulo a Chisilamu ndi Chiarabu. Mu 1961, nthawi ya Pulezidenti Gamal Abdel Nasser, boma linaika lamulo lowonjezera maphunziro ena monga udokotala, uinjiniya, ulimi ndi zamalonda. Mkulu wa Al-Azhar yonse kuyambira 2010 ndi Shehe Ahmed el-Tayeb. Kumafika ophunzira ochokera m'maiko oposa 100. Anyamata ndi atsikana amaphunzira m'makoleji osiyana, ndipo amene amalandiridwa ndi Asilamu. Anzanga a m'mipingo musasiye kuwerenga, gawo lanu lili kutsogoloku.

Zaka ziwiri za pakati pa 2019 ndi 2021 zinathera pa mapepala ndi kudikira. Sikolashipi za Al-Azhar zimadzera ku ofesi ya kazembe wa Egypt, ndipo nkhani yake imamveka kudzera m'mabungwe odziwika a Chisilamu. Panafunika pasipoti, satifiketi ya MANEB, kalata ya kuchipatala ndi zithunzi. Ali m'kati mothamanga, Covid-19 inabwera n'kuimitsa maulendo. Sikolashipi yawo imalipira fizi, malo ogona, chakudya ndi kandalama kochepa ka pamwezi. Zotsalazo zinagwera ife: pasipoti, maulendo asanu a ku Lilongwe, kuyezetsa Covid ndi tiketi ya ndege. Bambo anagulitsa mbuzi 4 ndi matumba a mpunga amene tinkasungira mwezi wa Febuluwale, amalume a ku Joni anawonjezerapo. Chaka chimenecho tinadya kondowole ndi chigwada mpaka kukolola. Koma sungani ichi m'mutu, poti chibweranso: pa sikolashipi yeniyeniyo sitinalipire munthu aliyense ngakhale tambala imodzi.

Khoma loyamba ku Cairo linali chiyankhulo. Achimwene anakulira ku madrasa, Qur'an amawerenga bwino, moti kumudzi ankawatcha kashehe. Koma wapolisi wa pa bwalo la ndege atawafunsa kanthu, sanatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Chiarabu chili ndi zilembo 28, chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo m'mabuku wamba ndi m'nyuzipepala mavawelo aafupi salembedwa, umayenera kulidziwa kale liwulo kuti ulitchule bwino. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Chiarabu chake chili pawiri. Cha m'kalasi ndi m'buku amati fus-ha, cha mumsewu amati ammiya. "Muli bwanji" wa m'buku ndi "kayfa haluk", wa mumsewu wa Cairo ndi "izzayak". Pamene buku likuti j, munthu wa ku Cairo amati g, n'chifukwa chake Jamal amamveka Gamal. Ukalankhula cha m'buku pa msika, wogulitsa amaseka, monga mmene mungasekere munthu amene akunenerera usipa ndi mawu a wowerenga nkhani pa wailesi.

Manambala nawo ali ndi msampha wake. Nambala 5 ya kumeneko imaoneka ngati ziro wathu, ziro wawo ndi kadontho chabe, 6 amaoneka ngati 7. Mtengo wa 50 mlendo amangoona kabwalo ndi kadontho, osadziwa kuti alipire zingati. Chaka choyamba chonse achimwene anathera m'kalasi la Chiarabu la alendo, kukwera gawo ndi gawo, mayeso pa mapeto pa gawo lililonse. Madzulo ankakhala dala pa kashopu ka tiyi n'kumamvetsera madalaivala akukangana za mpira wa Al Ahly ndi Zamalek. Amati theka la ammiya yawo analiphunzira pamenepo.

Atamaliza chiyankhulo ndi pamene panatulukira nkhani imene kunyumba sitinkaiyembekeza. Al-Azhar ili ndi sukulu zakezake za pulayimale ndi sekondale, ndipo kuti ulowe m'koleji yake pamafunika satifiketi ya sekondale yawoyo, kapena ina imene iwo anaivomereza kuti ndi yofanana nayo. MSCE yathu ilibe fiqh, tafsir, hadith kapena galamala ya Chiarabu. Choncho analemba mayeso oona pamene munthu wafika, n'kuikidwa m'chaka chachiwiri cha sekondale yawo, imene ndi ya zaka 3. Munthu wa zaka 22, wandevu zake, kukhala pa benchi ndi tianyamata ta zaka 16 ta ku Indonesia, Nigeria ndi Thailand. Amayi atamva anagwira pakamwa. "Ndiye mbuzi zija zinapita kuti ukabwereze Fomu 3 kwa eni ake?" Achimwene anaseka, anati, "Amayi, ndi Fomu 3 ya mtundu wina." Anali kunena zoona. Galamala ankaiphunzira kuchokera mu Alfiyya ya Ibn Malik, ndakatulo ya mizere pafupifupi 1,000 yofotokoza malamulo a chiyankhulo, kuphatikiza kuloweza gawo la Qur'an chaka chilichonse. Inu amene mumadandaula ndi Malamulo a Chichewa, thokozani.

Sekondale ya Al-Azhar ili ndi mbali ziwiri: adabi, ya ziyankhulo ndi chipembedzo, ndi ilmi, ya sayansi. Amene akufuna udokotala kapena uinjiniya amadzera ku ilmi. Achimwene pochoka kuno ankalota udokotala, koma sayansi pa MSCE anangoipulumuka, ndipo kuphunzira Chemistry m'chiyankhulo chimene wachidziwa chaka chathachi si masewera. Anadzera ku adabi. Pomaliza anasankha koleji ya Ziyankhulo ndi Kumasulira, ku Nasr City. Apa mumve bwino: chimene chinawatsegulira chitseko chimenechi ndi Chingerezi cha pa CDSS ino. Anzawo ambiri Chiarabu chinali pamwamba koma Chingerezi chikuwavuta, iwo anali nazo zonse ziwiri. Anandituma kuti ndikathokoze aphunzitsi a English amene ankawalembetsa kompozishoni Lachisanu lililonse. A sala, ngati mukuwerenga, uthenga ndi umenewo.

Amagona ku Madinat al-Bu'uth, mudzi wa ophunzira akunja umene uli cha ku Abbasiya. Cairo pamodzi ndi madera ozungulira muli anthu oposa 20 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi yense tinalipo 17.5 miliyoni. Tangoganizani, dziko lathu lonse kulowa mu mzinda umodzi, malo n'kutsalako. Muli sitima ya pansi pa nthaka, metro, imene inayamba kuyenda mu 1987, yoyamba mu Africa muno, ndipo mabogi ena ndi a amayi okhaokha. Tsiku lopuma ndi Lachisanu, Lamulungu m'mawa ana amanyamula mabuku kupita ku sukulu. Nthawi yawo m'miyezi yozizira imafanana ndi yathu, koma kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka kumapeto kwa Okutobala amakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Amayi mpaka lero zimawazunguza. Amati boma limalamula bwanji dzuwa?

Nyengo ndi yotembenuka. Mu Januwale, ife tikupalira mvula ikugwa, kumeneko usiku kumazizira kutsika madigiri 10. Achimwene anapita ndi juzi imodzi ya yunifolomu, sabata yoyamba ya chisanu anathamangira ku Wekalat el-Balah, kaunjika wamkulu wa mu Cairo, kukagula jekete. Mu Julayi, ife tikuwotha moto, iwo kumatentha madigiri 35 mpaka 40. Cha m'Malichi ndi Epulo kumawomba mphepo ya fumbi yotchedwa khamsin, kumwamba kumachita chikasu, mchenga mpaka m'mano. Mvula ya chaka chonse ku Cairo ndi pafupifupi mamilimita 25, imene kuno imagwa usiku umodzi. Madzi akumwa ndi othirira m'minda pafupifupi onse amachokera mu mtsinje wa Nile.

Nsima kulibe. M'mawa amadya ful, nyemba zikuluzikulu zophika mpaka kuphwanyika, ndi buledi wophwatalala wotchedwa aish baladi. Liwu loti aish limatanthauzanso moyo, monga mmene ife timanenera kuti sitinadye ngati sitinaone nsima. Chakudya cha wophunzira wopanda ndalama ndi koshari: mpunga, makaroni ndi tinyemba ta lentil pamodzi, pamwamba supu ya tomato ndi anyezi wokazinga. Koma zinthu ziwiri zinawaseketsa. Tsiku lina anawapatsa ndiwo yobiriwira yoterera imene eni ake amainyadira, molokhia. Atalawa anati, "Aa, si denje uyu?" Ndi yemweyo amene timathyola kumunda. Chachiwiri ndi nsomba ya bolti, mbale wake wa chambo, imene Egypt imaweta m'maiwe yambiri kuposa dziko lililonse mu Africa. Chilakolako cha kwathu chikawagwira, Amalawi amasonkhana m'chipinda chimodzi, kuvundula ufa wa semolina ngati nsima, bolti pambali, molokhia pambali. Amati imafika pa mapointi 6, osati 1, koma ndi kiredi ndithu.

Anthu ake ndi anthu ngati kwina kulikonse. Alipo anyamata a mumsewu amene amakuwiza munthu wakuda kuti "samara" kapena "shokolata". Masiku oyamba zinkawawawa mpaka kusafuna kutuluka. Aliponso bambo wa golosale amene amawakongoza mpaka mwezi uthe osalemba paliponse, ndi mnzawo wa m'kalasi amene anawatengera kumudzi kwawo pa Eid, mayi ake n'kumawatcha mwana wawo. M'mwezi wa Ramadan anthu amayala matebulo m'misewu, amati mawa'id al-rahman, aliyense wodutsa amakhala pansi n'kumasula swaumu osafunsidwa dzina kapena dziko. Achimwene amati mzinda womwewo ukhoza kukutukwana m'mawa, madzulo n'kukudyetsa.

Tsopano za ndalama. Kandalama ka pamwezi kaja kamabwera mu mapaundi a ku Egypt, ndipo mitengo siimadikira munthu. Mu Sepitembala 2023 kukwera mitengo kwa zinthu ku Egypt kunafika pa 38 peresenti. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye kangachepe kamene bambo ankatumiza kanafota kasanafike. Mu Malichi 2024 paundi nayo inagwa, dola imodzi kuchoka pa mapaundi pafupifupi 31 kufika cha m'ma 50. Pamwamba pa izo, chiphaso chokhalira m'dzikomo, chimene amati iqama, chimafunika kukonzetsa chaka ndi chaka, ndipo ndi cha wophunzira, si cha ntchito. Amene mukuganiza kuti mbale akakhala kunja ndiye kuti kunyumba kuyamba kugwa ndalama, funsani ife. Foni imene ndimagwiritsa ntchito ndi ya amayi, ya mabatani.

Mtengo wa tiketi umatsatira dola, choncho chipitireni achimwene sanabwerepo. Mu Julayi 2023 agogo athu aakazi, amene anawalera kuyambira ali wakhanda, anamwalira. Kwathu maliro sagonera masiku, ndipo ngakhale akanagonera, ndalama ya ndege ikanachokera kuti? Pa sadaka ya alubaini tinabwereka foni ya intaneti, tinagula bandulo, n'kuika foniyo pa mphasa pafupi ndi ashehe kuti amve nawo duwa. Netiweki inkadukaduka. Chakumapeto tinkangomva kupuma kwawo. Usiku anandilembera uthenga wautali, ndipo pakati pake anandiuza kuti sadaka ndi liwu la Chiarabu, alubaini ndi nambala 40 m'Chiarabu, shehe ndi mzikiti nawo mizu yawo ili komweko, anafika kuno kudzera kwa amalonda a Chiswahili amene ankawoloka nyanja. Anati, "Agogo ankalankhula Chiarabu osadziwa, ine ndinapita kutali kukachifuna." Ndinauwerenga kawiri, ndinapita kukalira kuseri kwa khitchini.

Chaka chomwecho chinatiphunzitsanso kuti dziko lokaphunzirako likhoza kusintha usiku umodzi. Pa 15 Epulo 2023, m'kati mwa Ramadan, ku Khartoum kunabuka nkhondo pakati pa asilikali a boma la Sudan ndi gulu la RSF. Khartoum inali ndi ophunzira ambiri ochokera m'maiko a mu Africa. Mayunivesite anatsekedwa, ophunzira anathawa pa mabasi, ena kulowera ku Egypt, ena ku Ethiopia, ena ku Port Sudan. Achimwene anakumana ndi anyamata amene anafika ku Cairo ndi kachikwama kamodzi, zaka zitatu za maphunziro zilibe pepala loziikira umboni. Kuyambira pamenepo, pepala lililonse limene alandira amalijambula, kulisunga pa imelo, n'kutumiza lina kuno. Amayi amasunga mapepalawo m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi makadi athu a sikelo.

Tsopano ndifike pa chimene chandikakamiza kwenikweni kulemba, makamaka kwa inu atsikana anzanga. Mu 2024, chaka cha ng'amba chija boma linalengeza za ngozi m'maboma 23, kwathu kunabwera mayi wina wovala bwino, wa mafoni awiri. Anamva kuti pakhomo pathu pali kale mwana "ku Arabu". Anati ali ndi mwayi wa ine: ndikaphunzira Chiarabu ndi kompyuta madzulo, masana ndizikathandiza banja lina tintchito ta m'nyumba. Pasipoti ndi tiketi alipira okha, ife tingopereka ya fomu. M'nkhokwe munalibe kanthu, ndipo ndinaona bambo akuyamba kugwedeza mutu. Amayi anati, "Dikirani kaye, timuimbire mwana." Achimwene anapempha kuti mayiyo apatsidwe foni. Anamufunsa mwaulemu mafunso anayi. Sukuluyo dzina lake ndi chiyani, ili mu mzinda uti? Kalata yomulandira mtsikanayu ili kuti? Viza yake ndi ya wophunzira kapena ya ntchito? Akafika, pasipoti adzasunga ndani? Mayi uja anati netiweki ikuvuta, abweranso Lachiwiri. Lachiwiri lake silinafikebe.

Sabata yomweyo achimwene anatitumizira filimu ya BBC Africa Eye yotchedwa Trapped in Oman, imene inatuluka mu Malichi 2024. Imafotokoza za amayi ndi atsikana a ku Malawi oposa 50 amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika anapezeka ali antchito a m'nyumba, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. M'maiko angapo a kumeneko muli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, moti kusiya ntchito wekha kumatengedwa ngati kuthawa. Bambo anaonera mpaka kumapeto osalankhula. Sindikunena kuti aliyense wopita kukagwira ntchito kumeneko amazunzika. Ndikunena kuti sukulu ndi sukulu, ntchito ndi ntchito, ndipo munthu akayamba kuziphatikiza m'chiganizo chimodzi, kumbukirani chikomekome cha nkhuyu. Komanso "ku Arabu" si dziko. Egypt, Oman, Morocco, Sudan, Saudi Arabia, lililonse lili ndi malamulo ake. Wolephera kutchula dzina la mzinda ndi la sukulu asakutengereni pasipoti.

Anzanga a m'mipingo, ndi Asilamu amene mukufuna sayansi, njira zina zilipo. Morocco imapereka sikolashipi kwa ophunzira a mu Africa kudzera ku bungwe lake la AMCI, Algeria nayonso imapereka. Kumeneko maphunziro ambiri a sayansi ndi udokotala akhala akuphunzitsidwa m'Chifalansa, ndiye wochokera kuno amayamba wathera nthawi pa chiyankhulo. Mwaona, khoma lija labweranso, langosintha utoto. Ku Egypt komweko mayunivesite a boma monga Cairo University ndi Ain Shams salabadira za chipembedzo cha munthu, ndipo udokotala amaphunzitsa m'Chingerezi, koma mlendo wopanda sikolashipi amalipira fizi mu ndalama zakunja. Matchalitchi aliko: pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi ku Egypt ndi Mkhristu, ambiri a mpingo wakale wa Coptic. Mwayi woterewu umalengezedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro kapena maofesi a akazembe, ndipo chimene amayang'ana ndi mapointi a MSCE. Ndiye kuti msewu wa ku Rabat kapena ku Cairo umadzera m'kalasi lomwe lino.

Mwina mukuti, nanga zonsezi phindu lake n'chiyani? Ndinawafunsa funso lomwelo. Anati lero amatsegula buku lolembedwa zaka 800 zapitazo n'kumva zimene mwini wake ankanena, popanda womasulira. Amaswali mu mzikiti wa Al-Azhar umene ankangouona pa kalendala ya kwa ashehe. Anaimapo patsinde pa piramidi yaikulu ya ku Giza, ya zaka pafupifupi 4,500, imene tinkaijambula mu History ya Fomu 1. Ali ndi anzawo ku Dakar, ku Jakarta ndi ku Kano amene akhoza kuwagonera pakhomo. Mmalawi akabwera kudzalandira chithandizo ku chipatala cha ku Cairo, amaitanidwa kukamasulira pakati pa dokotala ndi wodwala. Ndinawafunsanso ngati angapitenso atabwezedwa ku 2021. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndingapite. Koma ndingayambe Chiarabu cholankhula ndili konkuno, ndipo agogo ndingawatsanzike bwino."

Nkhawa imene ali nayo pano ndi ya pobwera. Digiri yakunja imayenera kukaunikidwa ndi bungwe la NCHE kuti olemba ntchito aizindikire, ndipo amene waphunzira udokotala amayeneranso kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanagwire wodwala. Ntchito zofuna Chiarabu kuno ziliko, m'masukulu a Chisilamu, m'mabungwe othandiza anthu, m'maofesi a akazembe, koma si zambiri. N'chifukwa chake anasankha kumasulira, kuti akhale ndi miyendo iwiri. Amati wopita kunja azifunsa za ntchito yake ya pobwera asanagule sutikesi.

Choncho mukamva za mwayi wokaphunzira ku dziko la Chiarabu, tengani kope mulembe mayankho a mafunso awa. Ndani walengeza, ndipo ali ndi ofesi imene bambo anu angalowemo? Akufuna ndalama kuti akupatseni malo? Satifiketi yanu ikukulowetsani m'koleji mwachindunji, kapena muyambira pa chiyankhulo ndi sekondale? Zonse pamodzi ndi zaka zingati? Sikolashipiyo ikulipira chiyani, ikusiya chiyani, tiketi yobwerera ilipo? Kuli Amalawi ena amene mungalankhule nawo musananyamuke? Ku Cairo kuli ofesi ya kazembe wa Malawi, nanga kumene mukupitako mukadwala kapena kukabuka nkhondo mudzathamangira kwa yani? Safunsa anadya phula. Aphunzitsi athu a Careers sadzakukanani mukawapititsira kalata kuti aione.

Ine ndiye ndaganiza chiyani? Bambo tsopano amati ndikakhoza bwino nditsatire achimwene ku makoleji a atsikana a Al-Azhar. Amayi amati mwana mmodzi kutsidya kwa chipululu wakwana. Ine ndikufuna unamwino. Ndakhala pansi n'kuwerenga: ndikapita ku Cairo mmene anapitira achimwene, ndidzayamba Anatomy anzanga a ku Malawi College of Health Sciences atavala kale yunifolomu yoyera. Choncho ndiyamba ndayesa konkuno. Makiredi 6 ndi English yomwe, Biology ndi Chemistry zikhale pamwamba. Chiarabu sindikuchisiya, Loweruka lililonse achimwene amanditumizira mawu 10 atsopano, ndipo tsiku lina ndikufuna ndidzapite kukawonjezera maphunziro ndili kale ndi pepala m'manja. Gulu lathu la Biology limakumana Lachitatu tikaweruka, m'kalasi la Fomu 4B. Tilipo 7, mabuku alipo awiri. Amene ali ndi lachitatu abwere nalo.

Mnzanu wa mu Fomu 4B